Biti ya kuseri kwa golosale: mafunso a achinyamata opanga nyimbo pa kompyuta

Mukatsika minibasi pa Namitete tsiku la msika, kapena mukaima pa Nsaru madzulo anthu ataweruka kumunda, mumamva nyimbo zingapo nthawi imodzi, ya kometera, ya kotchajira mafoni, ya wakabaza amene wamangirira kasipika kuhandulo. Pakati pa nyimbo za Driemo ndi Eli Njuchi pamatuluka ina imene simunaimvepo pa wailesi iliyonse. Mukafunsa amakuuzani kuti, "Ameneyo ndi mwana wa konkuno, wajambulira kuseri kwa golosale uko." Achinyamata oterewa alipo ambiri, ku Mpingu, ku Msundwe, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma. Sanapite kusukulu ya nyimbo. Ali ndi laputopu yakale, mahedifoni omata ndi selotepi, ndi mtima wofuna. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwera kawirikawiri tikakhala pansi kumvetsera ntchito zawo.

Anthu amangoti lupu, lupu. Kwenikweni n'chiyani, nanga synth?

Lupu ndi kachidutswa ka nyimbo, mwina ka masekondi anayi kapena asanu ndi atatu, kodulidwa bwino kuti kakafika kumapeto kabwerere poyambira popanda khutu kumva msoko. Ikhoza kukhala ya ng'oma, ya gitala, ya besi kapena ya mawu a munthu. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, misi ikutsika mosinthanasinthana, imeneyo ndi lupu kale. Woimba mpanje amagwira kaimbidwe kamodzi osakasiya, kuti wa mbalule apeze poyenda.

Synth ndi chida chimene chimapanga kulira kuchokera ku magetsi, kapena ku masamu a mu kompyuta, popanda chikumba, nsambo kapena mphepo. Zigawo zake zazikulu ndi zitatu. Choyamba, oscillator, chimabala kulira kosasefa. Chachiwiri, filter, chimasefa ngati sefa ya ufa, kuchotsa zakuthwa kapena zolemera. Chachitatu, envelope, chimalamula ngati kulirako kuyambe mwadzidzidzi ngati kuwomba m'manja kapena kukwere pang'onopang'ono ngati kwaya ikamayamba korasi, komanso kuti kuzime msanga kapena mochedwa. Robert Moog wa ku America anatchukitsa zida zimenezi m'zaka za m'ma 1960, ndipo Yamaha DX7 itatuluka mu 1983 kulira kwake kunadzaza mawailesi a dziko lonse. Kiyibodi ya Yamaha PSR imene ili kutchalitchi kwanu ndi mbale wake wa zimenezi, kungoti yokha imabwera ndi kulira kophikaphika.

Ndilibe ndalama za situdiyo. Ndiyambire pati?

Yambani ndi chimene chili m'manja. Foni ya Android imakwana kuyambira: BandLab ndi yaulere, ngakhale imadya bandulo, ndipo FL Studio Mobile ndi yogula. Amene ali ndi laputopu ambiri amathamangira FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Anailemba Didier Dambrin kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ikutchedwa FruityLoops, ndipo dzina la FL Studio linabwera mu 2003. Yoyesera yake ndi yaulere ndipo imalola kutulutsa nyimbo ngati MP3 kapena WAV, koma siilola kutsekulanso ntchito imene mwasunga. Pali zinanso zaulere kotheratu: LMMS yopangira biti, Audacity yojambulira ndi kudula mawu, ndi ma synth awiri amphamvu, Surge XT ndi Vital.

Ndikudziwa kuti ambiri amangokopera pulogalamu yothyoledwa pa fulashi ya mnzawo. Kuwonjezera pa kuphwanya lamulo, fulashi yoyendayenda m'makompyuta khumi imanyamula mavairasi, ndipo ndaonapo ntchito ya miyezi itatu itatha tsiku limodzi. Ndalama zikapezeka, mwina mutagulitsa mtedza kapena soya, gulani kaye mahedifoni abwino, kenako maiki ndi kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta. Masipika akuluakulu adikire.

Musadzione ochepa chifukwa cha zida. Gqom inabadwira m'makomboni a ku Durban pa makompyuta wamba. Singeli ya ku Dar es Salaam, yothamanga kuposa 200 BPM, inatuluka m'tizipinda tating'ono, lero ikuimbidwa m'maphwando a ku Ulaya. Kwathu kuno Paul Banda anatsekula IY Studio ku Balaka nthawi imene oimba ambiri ankadalira situdiyo ya MBC ku Blantyre, ndipo kuchokera m'nyumba imeneyo munatuluka kaimbidwe kamene kanagwira dziko lonse m'zaka za m'ma 1990.

Biti yanga ili bwino, koma agogo akaimva samagwedeza ndi phewa lomwe. Chalakwika n'chiyani?

Funso limeneli ndi limene limandikhudza kwambiri, choncho ndichedwapo. Mukatsekula FL Studio mumapeza timabokosi 16 pa mzere uliwonse, kugunda kunayi, kulikonse kogawidwa panayi. Malupu ambiri amene mumatsitsa pa intaneti anapangidwa mu muyeso womwewo, chifukwa hip hop, house ndi amapiano zimayenda choncho. Mganda, umene unatengera ku perete wa asilikali, umakwana bwino mmenemo. Koma magule ambiri akwathu, monga gule wamkulu kuno ndi manganje kummwera, amagawa kugunda kulikonse patatu. Timabokosi take ndi 12. Mukakakamiza nyimbo ya 12 kulowa mu 16 imakhala ngati mwavala nsapato ya mwini, mukuyenda ndithu koma mukutsimphina. Agogo sangathe kufotokoza masamu ake, koma chiuno chawo chimadziwa.

Yesani izi lero lomwe. Mu piano roll sinthani snap ikhale pa 1/3 beat, kuti bala imodzi ikhale ndi magawo 12. Ikani ng'oma yaikulu pa 1, 4, 7 ndi 10. Kenako tengani kulira kopepuka, ngati chisekese kapena kuwomba m'manja, muike pa 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11. Yoyamba ikugunda kanayi, yachiwiri kasanu n'kamodzi, mu nthawi imodzimodzi. Zimakumana pa 1 ndi pa 7, pena ponse zikukokana. Kukokana kumeneko ndi kumene kumadzutsa munthu pa mkeka. Tsopano onjezani ng'oma yachitatu yoyankhula, imene siibwereza mofanana bala iliyonse, monga amachitira wa mbalule akamatsata mapazi a wovina.

Musasiyenso kugunda konse kuli ndi mphamvu imodzi. Dzanja la munthu silimenya mofanana kawiri. Tsitsani velocity ya kugunda kwina, kwezani kwina. Ngati mwaimba ndi zala pa kiyibodi, musawongole zonse ndi quantize mpaka kuuma. Kachedwe kakang'ono kaja, kamene kompyuta imakaona ngati kulakwitsa, nthawi zambiri ndi komwe kamanyamula kukoma.

Sindikunena kuti amapiano ndi yoipa. Inachokera ku Gauteng, imayenda cha pa 110 mpaka 115 BPM, ndipo log drum yake imagwira mtima wa aliyense. Koma ku Pretoria kuli anyamata masauzande amene anakulira mmenemo, ndipo simudzawaposa powatsanzira. Chimene iwo alibe ndi ng'oma ya chimtali imene inu munaimva muli kumsana. Mvetserani bwino ng'oma yomatidwa phula pakati, itawambidwa pamoto, woimba akaisindikiza ndi chikhato kulira kwake n'kukwera kenako n'kutsika. Kutsetsereka kumene mumakusakasaka mu log drum kuli pakhomo panu.

Ndiye ndingajambule ng'oma za kumudzi n'kupanga malupu anga?

Kwabasi, ndipo foni yokha imakwana. Imani mapazi atatu kapena anayi kuchokera pa ng'oma, musayandikize kwambiri chifukwa kamaiki ka foni kamatsamwa. Pemphani woimba aimbe yekha kwa mphindi ziwiri, kenako amenye kamodzikamodzi, mofewa ndi mwamphamvu, kuti mukadule kugunda kulikonse pakokha. Musalekere pa ng'oma. Lichero lopeta, khasu pa nthaka youma, belu la njinga, goli la ngolo likulira, nkhunda za pa khola, zonsezi ndi zida.

Koma pemphani kaye. Amayi a chigwirizano kapena a chimtali auzeni chimene mukufuna kuchita ndi mawu awo, ndipo nyimbo ikatuluka muwatchule, ikabweretsa kanthu muwakumbukire. Pa za gule wamkulu samalani koposa. UNESCO inaulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha mtundu wonse wa anthu, komabe eni ake ndi mafumu ndi akuluakulu a mzinda. Zimene zimaimbidwa pabwalo anthu onse akuona mukhoza kupempha kwa mfumu. Za kudambwe si zanu kuzijambula, olo mutakhala olowa. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za makolo, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Zimandiwawa kuti mwana wa kwa Kabudula amavutika kumva mawu a makolo ake kuposa wophunzira wa kunja. Mukamajambula lero, lembani tsiku, mudzi ndi dzina la gule, ndipo musunge kawiri.

Mawu anga akalowa pa biti amamveka ngati si Chichewa. Bwanji?

Chifukwa munayamba ndi nyimbo ya synth kenako n'kumakankhiramo mawu. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Nyimbo ikatsika pamene liwu liyenera kukwera, womvera amayamba wadodoma. Komanso timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, pamene malupu akunja amakonda kutsindika kumapeto kwenikweni.

Yankhulani mzere wa nyimbo yanu mokweza katatu ngati mukuuza mnzanu, muujambule, mumvetsere pamene mawu akukwera, ndipo synth itsate njira imeneyo. Autotune siingakonze vuto limeneli. Imawongola noti, koma siidziwa chinenero.

Chipinda changa n'cha malata ndipo magetsi amangothimathima.

Denga la malata ndi makoma a simenti zimabweza mawu, ndipo mvula ikayamba ntchito yaima. Nyumba ya udzu imajambulitsa bwino kuposa ya malata. Ngati palibe, imikani matiresi pakona, mupachike bulangete lolemera kumbuyo kwa woimba. Mathireyi a mazira amene ambiri amakhoma m'makoma satsekereza phokoso lakunja. Jambulani usiku chigayo chitatseka, kapena m'mawa atambala atatopa koma njinga zamoto zisanayambe.

Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa mawu, kawirikawiri ndi magetsi a 50 Hz kapena inveta yotchipa ya sola. Zulani tchaja, mujambule laputopu ikuyendera batire lake. Woimba akakweza mawu, mzere woonetsa mphamvu ya mawu pa kompyuta usafike pofiira. Usiyeni uzisewera cha pa -12 mpaka -6 dB, chifukwa mawu osweka sasokeka. Ndipo Ctrl+S ikhale ngati kuphethira. Amene anapanga nyimbo mu 2022, malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka ndi namondwe Ana, sakufunika kuwakumbutsa.

Mu mahedifoni besi imagunda, pa foni ya mnzanga imasowa.

Kasipika ka foni sikatulutsa kulira kwapansi kwambiri. Onjezani saturation pang'ono pa besi kuti ibale kulira kwapakati kumene foni imatha, kapena muisanjikize ndi synth ina yokwera ndi octave imodzi. Mvetseraninso mu mono, poti anthu anu ambiri amamvera pa sipika imodzi. Musanati yatha, iyeseni pa foni ya mabatani, pa sipika ya kometera, ndi mu minibasi ngati kondakitala ndi mnzanu.

Ndikatumiza biti pa gulu la WhatsApp onse amangoti "moto". Ndikule bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amaima. Mnyamata wina anandimvetsera nyimbo yake titakhala pa benchi kunja kwa shopu, foni ili pakati pathu, hedifoni imodzi kwa iye, ina kwa ine. Anandionetsa mayankho oposa makumi awiri a pa gulu lawo, onse zithunzi za moto. Koma besi ndi kiyibodi zinali m'makiyi osiyana kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Sindikhulupirira kuti onse aja sanamve. Ena anamva ndithu kuti pena pake sipali bwino, koma anaopa kuoneka ansanje, ndipo ena sanatsekule n'komwe, poteteza bandulo. Titakweza besi ija ndi noti imodzi, nkhope yake inasintha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye miyezi yonseyi palibe amene akanandiuza?"

Tinaleredwa kuti tisamuchititse munthu manyazi pagulu, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma makolo omwewo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Vuto lagona pa malo ndi kafunsidwe. Gulu la anthu zana si malo ounikira ntchito yosatha. Pezani anthu atatu kapena anayi, muzikumana maso ndi maso Loweruka lililonse kapena kawiri pamwezi, aliyense abwere ndi ntchito imodzi. Pakati pawo pasakhale opanga biti okhaokha. Mtsogoleri wa kwaya amamva noti yophonya msanga kuposa inu. Woimba ng'oma wa pamudzi amadziwa pamene biti yakhala pansi. Mlongo wanu amene sadziwa za kompyuta adzakuuzani kuti korasi yachedwa kufika, ndipo adzakhala akunena zoona.

Musafunse kuti, "Mwaiona bwanji?" Funso limenelo limabala ulemu basi. Funsani kuti, "Mawu akumveka pa vesi yachiwiri?" kapena, "Ndi pati pamene munafuna kudumpha?" Muziyang'ananso matupi awo nyimbo ikulira. Phazi likasiya kugunda, kapena munthu akatenga foni yake, chongani sekondi imeneyo.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili. WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, pamene MP3 ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4 MB, ndipo imeneyi imakwana kuunikira.

Nanga ineyo ndimuuze bwanji mnzanga kuti nyimbo yake siili bwino, osadana?

Mvetserani katatu musanatsegule pakamwa. Koyamba ngati munthu wamba, kachiwiri mukutsata ng'oma ndi besi, kachitatu mukutsata mawu. Yambani ndi kumufunsa chimene iye amafuna, poti nyimbo ya pamaliro siyesedwa ndi muyeso wa ya paukwati. Tchulani chinthu chimodzi chimene chagwira, chenicheni, osati chongotsekulira njira. Kenako tchulani vuto ndi malo ake: "Achimwene, pa 1:20 synth ija ikuphimba woimba, mawu akutayika." Mawu oterewa munthu amapita nawo kunyumba n'kukagwira ntchito. "Siikundipatsa" sathandiza aliyense.

Musamuunjikire mavuto khumi. Awiri akuluakulu akwana. Siyanitsaninso cholakwika ndi chimene inu simukonda chabe. Besi yophonya kiyi ndi cholakwika. Kusakonda reggae ndi nkhani yanu. Ndipo musalande mausi n'kuyamba kumukonzera, pokhapokha atakupemphani, chifukwa nyimbo ikatero imasanduka yanu ndipo iye sanaphunzire kanthu.

Mukakhala inu olandira, lembani, thokozani, musadziteteze pomwepo. Igoneni nyimboyo masiku awiri. Munthu mmodzi akadandaula za malo ena, mwina ndi khutu lake. Atatu akaloza malo amodzi osapangana, pamenepo pali kanthu, ngakhale mankhwala amene akukupatsani atakhala olakwika.

Amene akufuna khutu la akatswiri, Music Crossroads ili ku Area 23 mu Lilongwe momwemuno ndipo imaphunzitsa nyimbo. Kuchokera ku Mpingu ndi ulendo wa tsiku limodzi, kupita ndi kubwera.

Ndikuopa kuti ndikamvetsera anthu adzandibera biti.

Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo ndi amene amapha magulu ambiri. Ntchito yosatha itumizeni yaifupi, ya MP3, muli kamawu kanu kodziwitsa mwini. Fayilo ya pulojekiti, ija ya .flp, isachoke pa kompyuta yanu, chifukwa ndiyo umboni woti munaimanga ndinu. Pagulu panu pakhale pangano loti chomvera pano sichituluka mwini asanalole.

Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga mawailesi n'kugawira eni ake. Nyimbo ikatha, kailembetseni kumeneko. Musanalowe mojambulira ndi woimba, lembani pa pepala kuti biti mwamugulitsa yonse kapena mwangomubwereka, dzina lanu litchulidwa pati, ndipo ndalama zikabwera mugawana bwanji. Nonse musaine, pakhale mboni. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana pamene muli pachibale, koma mkangano umabwera nyimbo ikayamba kulira m'maukwati, ndipo nthawi imeneyo aliyense amakumbukira zake.

Lamulo lomwelo limakumangani inunso. Lupu yochokera mu paketi yolembedwa royalty-free mukhoza kuigwiritsa ntchito mu nyimbo yanu, koma werengani chilolezo chake, ndipo dziwani kuti anthu ena mazana ali nayo yomweyo. Kudula chidutswa cha nyimbo ya Alleluya Band kapena ya Giddes Chalamanda n'kuchiika mu biti yanu kumafuna chilolezo cha eni ake, olo chitakhala cha masekondi atatu. Biti za pa YouTube zolembedwa "free" nthawi zambiri ndi zaulere pongoyeserera, osati pogulitsa kapena kupereka ku wailesi. Musanapite nayo kwa oika nyimbo m'mamemore pa Nsaru kapena pa Msundwe, bwererani pansi pa kanemayo muwerenge zimene mwini wake analemba.